Paipi ikaphulika usiku kuno ku Mulanje, timaimbira ndani?

Chiperoni chayamba, ndipo monga zimakhalira chaka ndi chaka, mafoni a mapulambala a pa Boma ndi pa Chitakale akulira mosalekeza. Giza yomwe inazimitsidwa mu Okutobala kutentha kutafika pachimake, lero mwini wake wayiyatsa, yakana. Kwina paipi yaphulika kudenga, siling'i yanyowa. M'magulu a WhatsApp a m'madera mwathu funso limakhala lomwe lija: alipo ali ndi nambala ya pulambala wodalirika? Wina aponya nambala. Wina ayankha kuti ameneyo ayi, anadya ndalama za zipangizo n'kusowa. Wachitatu akuti yemwe amamudziwa ali ku Limbuli, mwina abwera mawa. Pamene anthu akukambirana choncho, madzi akudzadza pabalaza.

Ndakhala ndikuiganizira nkhaniyi, ndipo maganizo anga ndi awa. Madzi tili nawo, anthu a luso tili nawo. Chomwe chikusowa ndi dongosolo pa kachigawo ka paipi kochokera pa mita kukafika m'bafa ndi kukhitchini. A Water Board udindo wawo umathera pa mita. Khonsolo sifikako. Landilodi ali ku Blantyre, mwinanso ku Joni. Wotsala ndi mayi wa lendi yemwe wadzuka 2 koloko usiku, tochi ya foni kumanja, asakudziwa n'komwe pomwe angatsekere madzi. Chondiwawa n'chakuti boma lino ndi limodzi mwa maboma amene anaphunzitsa dziko la Malawi, ngakhalenso mayiko ena, momwe anthu wamba angakonzere okha mapaipi awo. Ndifikako kumeneko, koma tiyambe ndi chifukwa chomwe mapaipi amaphulikira kuno.

Madzi athu ambiri amatsika m'phiri okha, popanda injini. Imeneyi ndi mphatso, koma ili ndi mtengo wake. Madzi akatsika mamita 10, pulesha yake imakwera ndi bar imodzi. Ndiye ngati thanki ili mamita 80 pamwamba pa nyumba yanu, paipi yanu ikusenza pafupifupi ma bar 8. N'chifukwa chake m'mizere yotsika kuphiri amamangamo timathanki tophera pulesha, ndipo n'chifukwa chake mapaipi a pulasitiki amalembedwa makalasi, 6, 10, 12, 16, kusonyeza pulesha yomwe angapirire. Amene wamanga kumunsi n'kugula paipi ya kalasi yotsika poti ndi yotchipa, wagula vuto, kungoti tsiku lake silinafike.

Nanga bwanji nthawi zambiri zimachitika usiku? Si ufiti ayi. Masana aliyense akutunga, kuchapa, kuthirira ndiwo zamasamba, ndiye pulesha imagawanika. Usiku mipopi yonse yatsekedwa, madzi angoima m'mapaipi ndi mphamvu yawo yonse, ndipo pomwe pali pofooka, kaya ndi pa joini yomwe guluu wake anachepa, kaya ndi paipi yomwe yakhala padzuwa zaka zitatu mpaka kuuma ngati chigoba cha dzira, pamenepo m'pomwe pamagonja. Palinso nthawi ina yoopsa, pomwe madzi abwerera atasiya kwa tsiku kapena masiku awiri. M'mapaipi mumakhala mutadzadza mpweya. Madzi akabwera mwaliwiro amaukankha mpweyawo, mpopi n'kumakhosomola, mapaipi n'kumagunda m'khoma. Kugunda kumeneko kumamasula majoini. Mvula ikagwa yambiri kuphiri, madzi amabweranso ndi mchenga ndi timiyala, tomwe timakakamira mu ball valve ya thanki kapena ya chimbudzi chogejemula, ndipo madzi amangosefukira usiku wonse osamveka.

Nyumba zakale zili ndi matenda akeake. Zambiri zinaikidwa mapaipi achitsulo, ndipo madzi a m'phiri muno ndi ofewa, aja sopo amachita thovu msanga. Madzi otere amadya chitsulo pang'onopang'ono. Paipi imachita dzimbiri m'kati, njira imachepa, madzi a m'mawa amatuluka ofiirira, kenako tsiku lina khoma la bafa layamba kutuluka thukuta. Pofika pamenepo kumata sikuthandizanso, mzere wonse umafunika kusintha.

Tsopano tiwerengere limodzi. Paipi yophulika yomwe ikudzadzitsa ndowa ya malita 20 pa mphindi imodzi imataya malita 1,200 pa ola. Ikaphulika 10 koloko usiku, munthu n'kudzaitseka 6 koloko m'mawa, apo patayika malita 9,600. Ngati yaphulikira kutsogolo kwa mita, mbali ya kumsewu, amenewo ndi madzi a Southern Region Water Board, ndipo ndi iwo oyenera kubwera kudzakonza. Ikaphulikira kuseri kwa mita, mbali ya kunyumba, dontho lililonse lawerengedwa pa bilu yanu. Madzi akatayika sawoleka, koma bilu yake yokha imabwera ndithu. Banja lomwe likuvutika kale ndi mtengo wa chimanga ndi fizi likhoza kupezeka likulipira madzi a milungu ingapo chifukwa cha usiku umodzi, ndipo likalephera, adula. Akadula, ana akatunga kumtsinje. Tisaiwale kuti kolera yomwe inayamba mu Malichi 2022 inagwira anthu oposa 58,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 1,700. Ulendo wochoka pa paipi yophulika kukafika pa bedi la chipatala si wautali monga timaganizira.

Chomwe chimasiyanitsa kutaya malita 100 ndi kutaya malita 9,600 ndi kachipangizo kamodzi kakang'ono, stop cock kapena gate valve yoikidwa pafupi ndi mita mbali ya kunyumba. Ndayenda m'nyumba zambiri za anzanga ndi achibale pa Boma, ku Chisitu ndi ku Chonde, ndipo ndimakonda kufunsa kuti kodi madzi a nyumba yonse mumatsekera pati. Ambiri amayang'anana. Ena amaloza pamalo pomwe panakwiririka ndi dothi kalekale, pamwamba pake panamera kapinga. Ena vavu ilipo koma inachita dzimbiri, kuipotokola ndi kuithyola. M'nyumba za lendi zogundizana, mita imodzi mabanja asanu, vavu imakhala kuseri kwa mpanda wa landilodi, geti lokiya, galu ali pomwepo.

Kumbali yotenthetsa, kuno sitili ngati ku London komwe nyumba zimakhala ndi mapaipi a madzi otentha m'chipinda chilichonse. Kwathu kutenthetsa ndi zinthu zitatu: giza kwa ochepa, shawa yamagetsi kwa ena, mbaula kwa tonsefe. Koma kuzizira kwa Juni ndi Julaye, mitambo ikatsika kuchokera mbali ya ku Mozambique komwe kuli phiri la Chiperone lomwe linapatsa nyengoyi dzina, si kwamasewera, makamaka kwa makanda ndi agogo athu.

Giza imafa m'njira yodziwika bwino, ndipo kuno timaipha tokha mosadziwa. M'kati mwake muli element, chitsulo chomwe chimatentha chikakhala m'madzi. Madzi akasiya, anthu amapitiriza kutunga kumpopi wa madzi otentha mpaka thanki ya giza itatsika. Magetsi akayaka element ili pamtunda, imapsa m'mphindi zochepa. Tsono kuno madzi ndi magetsi amasinthana kuchoka ngati alonda. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi ma megawatt 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo tonse tikukumbukira momwe magetsi ankabwerera pakati pa usiku anthu tili m'tulo. Lamulo lake ndi losavuta: madzi akasiya, zimitsani switchi ya giza, ndipo musaiyatse mpaka mpopi wa madzi otentha utasiya kukhosomola n'kuyamba kutuluka bwinobwino.

Pali chinthu china chomwe chimandiopsa kuposa element yopsa. Giza iliyonse ili ndi vavu yotulutsira pulesha, yomwe imadontha pang'ono madzi akamatentha. Kudonthako ndiye ntchito yake. Koma munthu akaona madontho kuseri kwa nyumba amaganiza za bilu, n'kuitana mnyamata woti atseke. Mnyamata uja, posafuna kukhumudwitsa bwana, amaikapo pulagi. Tsiku lomwe thermostat idzafe, madzi adzapitiriza kutentha mpaka kuwira m'thanki yotsekedwa mbali zonse, pamwamba pa chipinda chomwe mukugona ana. Zikatere si nkhani ya pulambala ayi, ndi ya ambulansi. Chimodzimodzi shawa zamagetsi zija zadzadza m'mahadiweya. Zimapulumutsa mayunitsi, n'zoona, poti giza ya malita 150 imadya pafupifupi mayunitsi 7 kuti madzi ozizira atenthe bwino. Koma shawa yotere ikalumikizidwa popanda waya wa earth, nthambo zomangidwa ndi tepi pamwamba pa mutu wa munthu wonyowa, ndiye kuti tikusamba ndi imfa. Olumikiza magetsi amayenera kukhala ndi chilolezo cha bungwe la MERA. Ndi angati mwa ife amene tinafunsapo chilolezocho? Nthawi zambiri yemwe wabwera kudzakonza paipi ndi yemweyo timamuuza kuti poti mwabwera kale, tangolumikizaninso apa.

Nyumba zakale za m'maesiteti a tiyi zinali ndi nzeru ina yomwe tikuinyoza masiku ano: mgolo woikidwa pa ng'anjo ya njerwa kuseri kwa nyumba, moto wa nkhuni pansi, ndi paipi yaitali yoloza kumwamba yosatseka. Madzi akawira, nthunzi imatulukira kumeneko. Palibe thermostat yoti ife. Vuto lake ndi nkhuni, ndipo ndi momwe phiri lathu lametedwera sindingalimbikitse aliyense kumanga ina. Ndangoitchula kuti tione kuti amisiri akale ankayamba aganizira komwe mphamvu idzathawire zinthu zikavuta.

Za mbaula ndinene mwachidule. Makala akamayaka m'chipinda chotseka zitseko ndi mawindo amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, womwe sununkha, suoneka. Munthu amangomva mutu, kufooka, tulo, basi. Palibe mmisiri angakonze zimenezo m'mawa. Othani, koma mbaula itulutseni panja musanagone.

Tsopano ndibwerere ku mbiri ija. Mu 1968 boma linayesa ntchito ya madzi oyenda okha kuchokera kuphiri kwa Chingale ku Zomba. Itatheka, ntchito yotsatira yaikulu inabwera kuno, ku Chambe, ndipo m'zaka za m'ma 1970 kunabwera mizere ikuluikulu ya Mulanje West ndi ya Phalombe, pa nthawiyo Phalombe ili mbali ya boma lino. Boma ndi mabungwe othandiza ankapereka mapaipi ndi akatswiri ochepa. Ngalande zonse, makilomita ndi makilomita, anakumba ndi makolo athu ndi makasu, mudzi uliwonse tsiku lake. Koma chomwe chinapangitsa kuti akatswiri a mayiko ena azibwera kudzaphunzira kuno sichinali kukumba kokha. Mpopi uliwonse unali ndi komiti yake. Chigawo chilichonse chinali ndi gulu lokonza, anthu a m'mudzi momwemo ophunzitsidwa kudula paipi, kupanga soketi ndi kumata. Pamwamba pawo panali wogwira ntchito m'boma woyendera mizere, ndipo zipangizo zinkasungidwa pamalo odziwika. Paipi ikaphulika m'munda mwa munthu, mwana aliyense ankadziwa khomo lokagogoda.

Dongosolo limenelo linafooka. Elizabeth Kleemeier, yemwe anafufuza mizere ya madzi yotereyi m'Malawi n'kutulutsa zotsatira zake mu 2000, anapeza kuti pafupifupi theka la mizere yomwe anayendera sinkayenda bwino. Chomwe chinandigwira mtima m'zomwe anapeza n'chakuti anthu a m'midzi ankachita bwino pokonza timavuto ting'onoting'ono toti madzi apitirire kuyenda, koma ankalephera pa ntchito yopewa kuonongeka ndi pa kukonza kwakukulu, komwe kumafuna ndalama ndi thandizo la boma. Masiku ano mizere yambiri ili m'manja mwa ma Water Users Association, ena akuyesetsa, ena akupuma movutikira.

Onani tsono momwe zilili m'tauni. Kumudzi, ngakhale zinthu zinafooka, pali komiti yomwe ungaidandaulire. Pa Boma, pomwe pali maofesi, mabanki ndi anthu ophunzira, tilibe ngakhale zomwe agogo athu anali nazo mu 1975. Lamulo la Waterworks Act la 1995 linakhazikitsa ma Water Board asanu, ndipo ife tinagwera ku Southern Region Water Board yomwe likulu lake lili ku Zomba. Lamulolo linakonza za mbali ya kumsewu. Za mbali ya kunyumba tinasiyirana, aliyense aone yekha. Ndipo khalidwe lomwe Kleemeier analiona kumudzi ndi lomwenso tili nalo m'nyumba zathu: timathamanga paipi ikaphulika, koma kuyendera nyumba chisanu chisanayambe, kusintha washa wa mpopi, kuyesa vavu ngati ikutseka, zimenezo ayi. Timamanga ndi malegeni n'kunena kuti tidzakonza kumapeto kwa mwezi. Malegeni aja amatha chaka ali pomwepo.

Anthu a kuno tikafuna timadziwa kuyankhula za madzi. Pamene Blantyre Water Board inabwera ndi ntchito yotenga madzi mu mtsinje wa Likhubula kupita nawo ku Nguludi ndi ku Blantyre, ndi ngongole ya 23.5 miliyoni ya ndalama za ku America yochokera ku Exim Bank ya ku India, kuti izipereka malita 20 miliyoni pa tsiku, boma lonse linagwedezeka. Gulu la Citizens for the Protection of Mulanje linatsutsa, anthu anafunsa kuti madzi angadutse bwanji pakhomo pa munthu waludzu kupita kutauni, ndipo anafunsanso za mitengo yoti ibzalidwe kuphiri. Mafunso amenewo anali oyenera, ndipo ena mwa iwo akadali amoyo. Koma ndimadabwa kuti mphamvu yomwe tinaonetsa pa paipi yaikulu ija sitinaionetsepo pa timapaipi ta theka la inchi tomwe tikutaya madzi m'makomo mwathu usiku uliwonse. Yendani m'mawa kuseri kwa nyumba za lendi, muone timitsinje tomwe tikuchokera m'mabafa ndi m'mathanki osefukira. Amenewonso ndi madzi a m'phiri lomwelo.

Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anationetsa poyera kuti tilibe pogwira. Miyala ndi matope zinatsika m'phiri, anthu anafa, milatho inapita, ndipo malo otengera madzi m'mitsinje pamodzi ndi mapaipi ake anakokoloka. Mabungwe anabwera kudzathandiza kukonza mizere ikuluikulu, ndipo tiyenera kuthokoza. Koma madzi atabwerera, anabwera ndi matope m'mapaipi a m'nyumba, mavavu anatsekeka, zimbudzi zinasefukira, maenje a zonyansa anali atadzadza ndi madzi a mvula. Imeneyo inali ntchito ya mwini nyumba ndi pulambala wake, ngati anali naye. Pasanathe chaka, mu Novembala 2023, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, pamwamba pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022. Ma element, ma thermostat, mipopi ndi mavavu ambiri amachokera kunja. Mitengo itakwera, mashelefu anadzadza ndi katundu wooneka bwino koma wopepuka ngati chitini cha sobo, mpopi wonyezimira womwe umathyoka khosi pakatha miyezi itatu. Wogula sangasiyanitse. A Malawi Bureau of Standards ali ndi ntchito pamenepa, makamaka kuno komwe katundu amalowanso kudzera pa chipata cha Muloza.

Ndisawaiwale mapulambala eni ake, poti nkhaniyi imakonda kukambidwa ngati iwo ndiwo akuba. Alipo achinyengo, inde. Ine ndinaitanapo wina yemwe analandira ndalama ya vavu yatsopano n'kubwezeretsa yakale yomweyo atangoipukuta. Koma ambiri amene ndimawadziwa ndi anthu olimbikira omwe akugwira ntchito m'malo ovuta. Taganizani: mwamuimbira 11 koloko usiku, ali ku Nkando. Akwere kabaza wa njinga yamoto pa mtengo wa usiku, ndi ndalama yake. Afike, apeze kuti chofunika ndi soketi imodzi ndi guluu, koma mahadiweya onse atseka. Chipangizo china, monga element ya giza ya mtundu wachilendo, mpaka akachipeze ku Limbe, ulendo wa makilomita pafupifupi 60. Amange kaye ndi mphira kuti kuche. M'mawa akonze. Pomaliza bwana akuti, aaa, kantchito kakang'ono ngati kameneka mpaka ndalama zonsezo? Ubwere pa 30. Munthu wotere ulendo wina akaona nambala yanu usiku, foni amaiyang'ana mpaka isiye kulira, ndipo sindingamuimbe mlandu.

Mtengo wokambirana madzi ali m'miyendo sukhala wachilungamo kwa aliyense. Mwina mmisiri akwezera poona kuti mulibe kothawira, mwina mwini nyumba avomera chilichonse n'kudzakana kukacha. Kukhulupirirana kukatha, amisiri abwino amathawira komwe kuli malipiro okhazikika, kumaesiteti, kumalo ogona alendo, kumakontirakiti a ku Blantyre, ena mpaka ku South Africa. Makampani a tiyi monga Lujeri ndi Eastern Produce amakhala ndi amisiri awoawo chifukwa anawerengera kuti kudikira munthu wa pa WhatsApp n'kodula kuposa kulipira wako. Ife otsala timalimbirana ochepa omwe atsala, ndi anyamata omwe anaphunzira pongonyamulira ena zipangizo.

Sindikunyoza ophunzirira pa ntchito. Ena mwa iwo amaposa a mapepala. Koma njira yoti luso lawo lidziwike ilipo kale. TEVETA inakhazikitsidwa mu 1999, mayeso a trade test alipo, ndipo sukulu ngati Soche Technical College zimaphunzitsa ntchitoyi. Chosowa ndi chifukwa choti mnyamata wa pa Chitakale avutikire kukatenga pepala, pomwe palibe kasitomala amalifunsa ndipo silimuonjezera ngakhale tambala pa malipiro.

Apa m'pomwe ndikuona kuti khonsolo ya Mulanje ili ndi gawo, ndipo silofuna ndalama za mabungwe akunja. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 limaipatsa mphamvu yopanga malamulo ake a m'boma. Ikhoza kunena kuti nyumba iliyonse yochititsa lendi ikhale ndi vavu yotsekera madzi pamalo poti wokhalamo afikepo, ndipo pulani ya nyumba yatsopano isadutse popanda zimenezo. Ikhoza kugwirizana ndi ofesi ya Water Board kuti pakhale m'ndandanda wa mapulambala odziwika, dzina, dera ndi nambala, wopachikidwa polipirira mabilu, pamsika ndi kumaofesi a mafumu. Wolowa m'ndandandawo aonetse pepala kapena umboni wa ntchito zomwe wagwira, ndipo madandaulo akachuluka achotsedwe. Apo ndiye pepala la TEVETA layamba kukhala ndi phindu.

Ndikudziwa zomwe ena anene, poti ndazimva kale: m'ndandanda woterewu udzasanduka malo odyera, wolowamo adzakhala amene wapereka kenakake kapena wa chipani. Mantha amenewo ndi oona, tawaona pa zinthu zina. N'chifukwa chake ine ndingakonde kuti chiyambi chichokere kwa mapulambala eniake. Akhale pansi anthu khumi kapena khumi ndi awiri, agwirizane mtengo woyendera usiku womwe aliyense aziudziwa, asinthane masabata okhala tcheru, asonkhe kabokosi ka zipangizo zofunika mwadzidzidzi, masoketi, ma elbow, guluu, thread tape, mavavu awiri atatu, kosungidwa kwa yemwe ali pa ntchito sabata imeneyo. Anyamata a kabaza anakwanitsa kupanga magulu awo, ali ndi masiteji, atsogoleri ndi mitengo yodziwika. Ngati zinatheka ndi njinga, zingalephereke bwanji ndi sipanala? Khonsolo idzangobwera kudzavomereza chinthu chomwe chikuyenda kale, ndipo kuchilanda kudzakhala kovutirapo.

A Water Board nawonso apindula, ngakhale madzi otayika kuseri kwa mita amalipiridwa. Kasitomala wolandira bilu yoopsa nthawi zambiri salipira, amadulidwa, ndipo ena akadulidwa amalumikiza mozemba usiku, ndi amisiri omwe aja. Owerenga mamita amafika pakhomo lililonse lomwe lili ndi mita yakale. Atati pa ulendo umodzi pa chaka azionetsa wokhala pakhomopo pomwe pali vavu, n'kumuphunzitsa kuyesa kosavuta kuja, kutseka mipopi yonse n'kuona ngati mita ikuyendabe, mabilu ambiri okanganirana akanatha asanabadwe.

Kwa malandilodi mawu anga ndi ochepa. Paipi ya m'khoma, giza ndi thanki ndi katundu wanu, si wa munthu wa lendi. Mukakhala kutali, siyani nambala ya mmisiri wanu ndi chilolezo choti wokhalamo akonzetse n'kudula pa lendi, ndipo zilembedwe pa pepala tsiku lolowa. Mkangano wa ndani alipire ndi womwe umachititsa kuti paipi yodontha ithe miyezi itatu, mpaka khoma la njerwa zomangira dothi litafewa. Ndipo tonse tinaona mu 2023 zomwe khoma lofewa limachita mvula ikalimbikira.

Pomwe tikudikira akuluakuluwa, sabata ino kukadali kouma pang'ono masana. Tengani khasu, fukulani pomwe pali vavu yanu, ipotokoleni muone ngati ikutseka, ndipo muonetse aliyense wa m'nyumbamo, ngakhale mwana wa Sitandade 5. Ngati palibe, itanani pulambala masana, pa mtengo wa masana, aikepo. Akabwera mufunseni ayang'anenso kapaipi kodontha ka giza ngati sikanatsekedwe. Amene muli ndi mapulambala omwe anakugwirirani ntchito yabwino, auzeni za nkhani ya gulu ija. Ine ndayankhula kale ndi awiri, mmodzi wavomera, winayo akuti ayambe waona ngati anzake a ku Limbuli angalowemo.